Chipewa Chobiriwira cha Lameck

Munthu amene sanakwerepo phiri la Zomba m'mamawa mwezi wa Juni asamatinamize kuti kuzizira amakudziwa. Ine ndagonapo m'basi pa Beitbridge, ndatsitsapo katundu ku Mbeya mphepo ikuboola mafupa, ndipo majekete amene ndapachika m'nyumba mwanga lero akhoza kuveka kwaya yonse, koma chiperoni cha pamwamba paja ndimachipatsa ulemu wake. Chimayambira kumakutu. Tsono Lameck, mnyamata wolima sitiroberi ndi mbatatesi pamwamba pomwepo, Mulungu anamupatsa makutu mosaumira.

Makutu amenewo ndi amene anamvetsa chisoni Perpetua, chibwenzi chake cha ku Chinamwali chimene ankachitchula kuti Pepe, mtsikana amene singano zolukira sizichoka m'manja mwake. Makutuwo anali atang'aluka m'mphepete ngati zidendene za mlimi. Kutatsala sabata imodzi kuti lifike Loweruka limene a Teddy, mkulu wake wa Lameck, ankayenera kukagwada kwa amalume ake a mtsikanayo kukafunsira mbeta, Perpetua anaitana Lameck kuti akumane pamlatho wa Mulunguzi.

"Tsinzinani," anatero atangofika.

"Pamsewu pano? A kabaza andiwombe?"

"Tsinzinani, a Lameck, musandichedwetse."

Lameck anatsinzina. Anamva chinthu chofewa chikutsika m'mutu mwake, kudutsa pachipumi, mpaka kuphimba maso ndi mphuno.

"Pepe, wandilukira thumba la mbatatesi?"

"Dikirani, inu. Simudziwa kuti chipewa chabwino amachiluka chachitali dala?" Zala za Perpetua zinagwira m'munsi mwa chipewacho n'kupindira m'mwamba, kuzungulira mutu wonse, kenako anakanikiza pamakutu. "Mwaona? Mukapinda chonchi, pamakutu pamakhala pawiri. Mphepo ikaboola koyamba ipeza kwina n'kotseka."

Lameck anadziyang'anira pafoni. Anthuni, chipewa chinali chimenecho! Chobiriwira ngati mitengo ya paini, chokhala ndi timadontho tachikasu apa ndi apo, mizere yake yoima mowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe, pamwamba atasonkhanitsa bwinobwino popanda kabowo.

"Nanga kukula kwa mutu wanga unakudziwa bwanji?"

"Ndinkayesera pa dzungu la amalume."

"Dzungu!"

"Loyamba linachepa. Ndinachita kukabwereka lina kwa aneba."

Lameck anaseka mpaka kugwira chitsulo cha mlatho. Atapuma anasisita chipewacho. "Koma wulu wotere, wokhuthala chonchi, unaupeza kuti? M'masitolo a m'tauni muno sindinauonepo."

Perpetua anayang'ana madzi. "Mukamadya nsomba mumafunsa dzina la mbedza?"

Mnyamatayo, chikondi chitamutseka m'maso, anangoseka.

*

Kuyambira tsiku limenelo chipewa sichinachoke pamutu. Anapita nacho kudimba, anasamba nacho pafupi, anakalowa nacho m'tchalitchi mpaka mkulu wa mpingo anamukodola. Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo kumunsi kuno, Lameck anatsikira kumsika atachivala, thukuta likuyenderera m'masaya.

Pomwe a kabaza amaimika njinga zawo panaima galimoto yasiliva, galasi n'kutsika. Anali Raymond, mnyamata wa ku ofesi ya boma amene chaka chatha anafunsira Perpetua n'kukanidwa, ngakhale amalume ake a mtsikanayo, a Charles, mpaka lero akamatchula dzina lake amachita kumeza malovu.

"Bwana wa sitiroberi! Tayandikirani tione chisoti chachifumu."

Lameck anayandikira chifuwa chili patsogolo. "Onani ndi maso, manja ayi. Zoluka ndi manja a munthu wokukonda izi. M'ofesi sagawa."

Raymond anatuluka m'galimoto, anavula magalasi akuda, n'kuyang'anitsitsa. Kenako anatambasula dzanja, natsina popindidwa paja, napindulira kunja. Anamwetulira pang'onopang'ono ngati munthu amene wapeza mbuzi yake m'khola la mnzake.

"Achimwene, mukumva kufunda?"

"Kwambiri."

"Ndikudziwa. Nanenso inkandifunditsa choncho."

"Inkakufunditsani chiyani?"

Raymond anatulutsa foni, napukusa chala, n'kuionetsa osati kwa Lameck yekha, koma kwa a kabaza onse amene anali atayamba kale kusendera. Pachithunzipo panali Raymond ataima m'mbali mwa damu, atavala juzi yobiriwira ya timadontho tachikasu. Pambali pake panali Perpetua, akuseka, dzanja litatchinga dzuwa.

"Juzi imeneyi ndinagula kunja nditapita kumaphunziro," anatero Raymond mokweza. "Zomba yonse ilipo imodzi. Kapena ndinene kuti inalipo. Ndinamupatsa mtsikana wina amene amadziwa kusunga zinthu za anthu amene amawakumbukira. Chimene sindikudziwa n'chakuti khutu lanu lamanjali lagona pamkono kapena m'khwapa."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo kunadzidzimutsa nkhuku za m'madengu.

"Akuluakulu, mwasenza mnzanu pamutu!" anakuwa wa kabaza wina.

"Tanunkhizani, mwina perefyumu akadalipo!"

Lameck anabwerera m'mbuyo. Anavula chipewacho, anachikwinya m'dzanja, n'kuchoka osacheuka. Kumbuyo ankamva Raymond akuti, "Musachitaye, achimwene! Ndi wulu wa nkhosa zenizeni umenewo!"

*

Nsanje ndaiona m'mayiko ambiri. Ndinaona mwamuna ku Beira akuponya wailesi m'nyanja chifukwa mkazi wake ankakonda mawu a muulutsi. Koma nsanje ya Lameck inali ndi vuto lake lapadera: inkafunika kukwera phiri makutu ali pamtunda.

Anadzera njira yachidule ya anthu osenza mbatatesi. Pofika pakati nkhungu inali itatsika, mphepo ikulira m'mapaini. Makutu anayamba kuyabwa, kenako kuwawa, kenako kuchita dzanzi. Chipewa chinali m'thumba la jekete, chikumugunda m'nthiti pa sitepe iliyonse. Dzanja linapitako lokha. Analibweza. "Ndife ndi chisanu," anadziuza, "koma m'khwapa mwa Raymond sindigonekamo khutu."

Ndiye maganizo! Juzi ija inachoka bwanji pathupi pa Raymond? Anavula yekha kapena anathandizidwa? Chaka chathunthu inkagona kuti? M'sutikesi? Pansi pa pilo? Ndipo pamene Perpetua ankaluka, wulu ukudutsa m'zala zake mzere ndi mzere, nkhope imene inkabwera m'maso mwake inali ya yani?

Anakhala pamwala n'kutulutsa foni.

"Wulu uja unautenga kuti?"

Yankho linabwera msanga. "Mwaswera bwanji kaye, bambo?"

"Ndafunsa funso."

Pafoni panaoneka kuti Perpetua akulemba. Anasiya. Anayambanso. Anasiyanso. Pomaliza: "Mwakumana ndi ndani?"

"Ndi mwini wake."

"Bwerani mawa tikambirane. Pafoni ayi."

"Ndibwere nditavala chiyani? Malaya ake ulinso nawo? Undisokere kabudula."

Uthengawo unawerengedwa, koma sunayankhidwe. Lameck anadikira mpaka zala zinauma. Pofuna kudzipweteka bwino, anatsegula sitetasi ya Raymond. Chithunzi chija chinali pomwepo, pansi pake atalemba kuti: "Zakale sizitha, zimangosintha maonekedwe."

Madzulo amenewo Lameck anauza a Teddy kuti mwina za Loweruka aziimitse kaye.

"Chifukwa cha chipewa?" anafunsa a Teddy. "Iwe, ine ndachapitsa kale suti. Pita ukamve mbali yake. Ukabwerako uli ndi mkazi kapena ulibe, undiuze ndisanapolishe nsapato."

*

Tsiku lotsatira Lameck anamupeza Perpetua atakhala pamkeka pakhonde la kwawo ku Chinamwali, akuluka timasokosi ta mwana wa kasitomala. Sanadzuke. Singano zinkangoti ke-ke-ke, mofulumira kuposa masiku onse.

Lameck anaponya chipewa pamkeka. "Katundu wa abwana ako uyo."

"Khalani pansi, a Lameck. Anthu akuona."

"Aone! Dzulo msika wonse waona. Wandisandutsa chidole cha a kabaza, Perpetua. Ine kuyenda tauni yonse ndikudziguguda, osadziwa kuti ndasenza chikumbutso cha chibwenzi chako."

"Sichinali chibwenzi changa."

"Nanga kudamu munkakawerenga Baibulo?"

Singano zinaima. "Kudamu tinapita gulu lonse la achinyamata a kumpingo. Chithunzi chija wachita kudula, kumanzere kwanga kunali anthu ena. Funsani aliyense."

"Juzi nayo inaperekedwa kwa gulu?"

Perpetua anapuma mozama. "Tsiku lomwelo pobwerera kunagwa mvula. Anatiperekeza pagalimoto mpaka pano. Ine ndikunjenjemera, iye n'kuvula juzi n'kundifunditsa, amalume ali pakhomo apo akuona. M'mawa mwake ndinachapa n'kumutumizira. Anaibweza. Ndinatumizanso. Anaibwezanso, ati mphatso sibwerera. Ndikanatani? Ndikanaotcha?"

"Eya!"

"Wulu ngati umenewu? Inu mumataya mbewu chifukwa munakangana ndi wogulitsa?" Anatola chipewacho n'kuchikutumula fumbi. "Ndinazungulira masitolo onse. Wulu umene ulimo ndi wopyapyala, wonyezimira, wongokongoletsa makanda pa ubatizo. Mphepo ya kwanu kuja ingadutsemo ngati m'sefa. Ndinabwera kunyumba n'kukumbukira makutu anu akutuluka magazi. Ndiye ndinatsegula sutikesi."

"Sutikesi yomwe unkaisungamo bwinobwino."

"Pansi pa nsapato zakale, ngati mukufuna kudziwa. Ndinatenga lumo n'kudula msoko. Ndinayambira m'khosi, n'kumakoka. Mukudziwa kukoma kwake kuphwasula juzi ya munthu amene sakumva kuti ayi? Inkangoti phwerere, mkono wonse kutha, chifuwa chonse kutha. Wulu unatuluka wopotanapotana. Ndinauviika m'madzi ofunda, ndinauchapa ndi sopo mpaka manja kuyera, ndinauyanika nditamangirira mwala kunsi kuti uwongoke. Pamene ndinkaukulunga, munalibenso Raymond m'menemo. Munali nkhosa basi."

Lameck anafuna kuseka, koma nsanje sinamulole. "Bwanji sunandiuze pamlatho paja?"

"Mukanavala?"

Lameck anayang'ana kumbali.

"Mwaona? Ndinasankha makutu anu kusiyana ndi mtima wanu wapachala. Ngati ndinalakwa, ndinalakwa pamenepo." Perpetua anamuyang'ana m'maso. "Popinda pokhapa ndinaphwasula n'kuyambiranso chifukwa pankathina. Zala izi zinatupa. Koma ngati mukaona chipewachi mukuona Raymond, palibe vuto. Chimene chinalukidwa chimamasuka."

Anatembenuza chipewacho, anafufuza pamwamba pomwe anabisa nsonga ya wulu, anaitulutsa ndi singano, n'kuyamba kukoka. Mfundo yoyamba inamasuka. Kabowo kanatseguka paliwombo.

"Iwe! Ukutani?"

"Ndilukira amalume masokosi."

Lameck anadumpha ngati waponda moto, n'kugwira dzanja lake. Anakokana, wina chipewa, wina ulusi, mpaka mayi wina wodutsa ndi ndowa anaima n'kunena kuti, "Ana inu, mukatere musanakwatirane, mukadzakwatirana mudzang'amba bulangete."

Perpetua ndi amene anayamba kuseka. Lameck anakhala pansi pamkeka, dzanja la mtsikanayo likadali m'dzanja lake.

"Tseka kabowoko," anatero motsitsa mawu.

"Muvala?"

"Ndivala. Koma undiuze zoona. Mbali ya kukhutu lamanjali inachokera pati?"

"Kumsana," anatero Perpetua akulowetsa singano. "Komwe ndinamuonera akuchoka."

*

Loweruka kunacha bwino. A Teddy analowa m'nyumba ya a Charles atavala suti yawo, nsapato zikuwala. Lameck, monga mwa mwambo, anatsala panja, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa mpanda, chipewa chili pamutu. Ankayembekeza kumva nthungululu.

M'malo mwake anamva galimoto. Yasiliva. Inaima pachipata penipeni, ndipo munatuluka Raymond ndi bambo wina wachikulire wa ndodo. Raymond anamuona Lameck, anagwira chipumi ngati akupereka sawatcha, n'kulowa.

Lameck anazungulira mtengo uja mpaka udzu unagona. Patapita nthawi a Teddy anasuzumira pachipata, nkhope itagwa. "Akuti ulowe. Ndipo usavule chipewacho."

M'chipinda chochezera a Charles anali pampando wawo waukulu, manja pamimba. Perpetua anali atagwada pafupi ndi khomo la kukhitchini, maso pansi.

"Ndi chimenecho?" anafunsa a Charles.

"Ndi chomwecho, bambo," anayankha Raymond mwaulemu wonse.

A Charles anatsokomola. "A Teddy, mawu anu tawamva, ndipo ndi mawu abwino. Koma pakhomo pano pali nkhani ina imene inafika kale. Bambo awa ndi amalume ake a Raymond. Akuti mphwawo anasiya chikole pakhomo pano chaka chatha, ine ndikuona ndi maso angawa, ndipo chikolecho sichinabwezedwe."

"Amalume, sichinali chikole!" Perpetua anadzutsa mutu. "Inali mvula!"

"Mvula inagwa tsiku limodzi, mwana iwe. Juzi yagona m'nyumba muno chaka."

"Ndinabweza kawiri!"

"Unabweza kudzera mwa ndani? Mwa ine? Chikole amabweza pamaso pa akuluakulu, osati kutumiza pa kabaza ngati ndiwo." Anatembenukira kwa a Teddy. "Inu ndinu munthu wamkulu, mwambo mukuudziwa. Sindingalandire mawu a nyumba yachiwiri pamene katundu wa nyumba yoyamba akadali m'manja mwathu. Abwezeredwe chinthu chawo, akachilandira, inu mudzabwerenso tidzakambe."

Lameck anasendera patebulo. Anavula chipewa chija, chipewa chomwe anali atangophunzira kuchikondanso, n'kuchiika patebulo. "Nachi. Atenge. Ngati pali wulu wotsala m'sutikesi, atengenso."

Bambo wa ndodo uja anachinyamula ndi zala ziwiri, anachitembenuza, n'kuchibwezera pansi. "Mwana wanga, ife tinapereka juzi. Munthu akakubwereka mbuzi sakubwezera chikopa."

"Ndikagula ina. Yoposa imeneyo."

"Ina sindikuifuna," anatero Raymond mofatsa, ngati munthu wachisoni. "Ndikufuna yomwe ija. Wulu womwe uja, manja omwe anaiphwasula aibwezere mmene inalili. Sindikufulumira ayi. Ngakhale itenge miyezi, ndidikira."

A Charles anagwedeza mutu. "Apo palibe chovuta. Mwanayu kuluka ndi ntchito yake."

A Teddy anaweramitsa mutu. Perpetua anayang'ana Lameck, maso atadzaza misozi yaukali. Njira yopita ku ukwati wawo inali imodzi yokha, ndipo inkadutsa m'singano zake: aphwasule chipewa cha mwamuna amene amamukonda, alukire juzi mwamuna amene anamukana.

"Ndiluka," anatero, mawu akutuluka m'mano. "Ndiluka usana ndi usiku, muitenge, musadzapondenso pano."

"Zikomo, Pepe," anatero Raymond, ndipo dzina limenelo m'kamwa mwake linamubaya Lameck ngati lumo. Kenako anaimirira, anavula jekete, analipinda bwinobwino n'kulipachika pampando. "Kungoti pali kavuto kamodzi, amalume. Chaka chino ndanenepako. Muyeso wakale sungagwire, ndipo ndiyenera kumabwera kudzayesa kuti isathine. Bola tiyambiretu lero, akuluakulu ali pompano."

Anaima pakati pa chipinda, anatambasula manja onse awiri, chifuwa chili patsogolo, n'kumuyang'ana Lameck m'maso.

"Tenga tepi, mwana iwe," anatero a Charles. "Alendo asachedwe."

Perpetua anadzuka pang'onopang'ono. A Teddy anagwira bondo la mng'ono wawo n'kulikanikiza pansi ndi mphamvu zawo zonse.